Mbatata yofiira mkati: chakudya chathanzi chomwe chili kale m'munda mwathu

Anthu ambiri akauzidwa kuchipatala kuti munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV ayenera kudya zakudya zopatsa thanzi, maganizo awo amathamangira kugolosale. Amaganiza za buledi wopaka majarini, mkaka wa m'chitini, nyama ya ng'ombe ndi zakumwa za m'botolo. Akapisa m'thumba n'kupeza kuti mulibe kanthu, amataya mtima n'kumati malangizo amenewa ndi a anthu olemera. Ena amafika posiya kumwa ma ARV ponena kuti mankhwalawa amawautsira njala yomwe sangathe kuithetsa. Ife alangizi a zaumoyo, amene timayenda khomo ndi khomo, timakumana ndi maganizo otere kawirikawiri.

Koma akulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Zakudya zambiri zomwe thupi likufuna zili kale m'minda mwathu ndi m'misika ya kumudzi. Chimodzi mwa izo ndi mbatata yofiira mkati, yomwe ambiri timangoiona ngati chomwera tiyi kapena chootcha ana akamasewera. Ikaphikidwa bwino n'kuphatikizidwa ndi nsinjiro, kholowa ndi usipa, mbatata imeneyi imasanduka chakudya chokwanira cha banja lonse.

Thupi likufuna chakudya chochulukirapo

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amene ali ndi kachirombo koma sakudwala amafuna chakudya chopatsa mphamvu chochulukirapo ndi 10 peresenti kuposa mnzake amene alibe. Akayamba kudwaladwala, kusiyanaku kumafika 20 mpaka 30 peresenti. Chifukwa chake nchakuti thupi limakhala likulimbana ndi matenda usana ndi usiku, ndipo nkhondo imeneyi imadya mphamvu. Mphamvuzo zikapanda kuchokera m'mbale, thupi limayamba kudya mnofu wake womwe, munthu n'kuyamba kuwonda.

Tinene poyera kuti palibe chakudya chomwe chimachiza HIV kapena kulowa m'malo mwa ma ARV. Mankhwala ndi amene amafooketsa kachirombo. Chakudya chimapatsa thupi zipangizo zodzimangira. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Unduna wa Zaumoyo umatilangiza kudya kuchokera m'magulu 6 a zakudya tsiku lililonse: zokhutitsa, za nyama, za m'gulu la nyemba, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ambiri akamva chiwerengero chimenechi amaseka. Koma tiona m'munsimu kuti chakudya chimodzi chamasana chikhoza kukwaniritsa magulu onsewa.

Kufiira kwake si kwa chabe

Mbatata yoyera mkati imakhutitsa, koma vitamini A mulibe kwenikweni. Yofiira mkati ili ndi beta carotene, yemwe amaipatsa mtundu wakewo, ndipo thupi limamusandutsa vitamini A. Ikafiira kwambiri ndiye kuti mulinso wambiri. Vitamini A amathandiza maso kuona bwino kukada, amalimbitsa khungu ndi timinofu ta mkati mwa matumbo ndi mapapo, momwe tizirombo timakonda kulowera, komanso amathandiza chitetezo cha m'thupi. Akatswiri a bungwe la International Potato Center amati magalamu 125 a mbatata imeneyi, yomwe ndi mbatata imodzi yaing'ono, amakwanira vitamini A yemwe mwana wosayamba sukulu amafuna pa tsiku.

Kuno ku Malawi mtundu wa Zondeni udavomerezedwa m'chaka cha 2008, ndipo mu 2011 akatswiri a zaulimi a boma adatulutsa mitundu ina 5: Anaakwanire, Chipika, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Mathuthu. Ntchito yofalitsa mbatata yotereyi mu Africa idalemekezedwa mu 2016 pamene Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low, pamodzi ndi Howarth Bouis, adalandira mphoto ya World Food Prize.

Ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 amalandira timakapisozi ta vitamini A kusikelo miyezi 6 iliyonse. Ife akuluakulu tiyenera kumupeza m'mbale.

Futali wa mbatata

Futali si wachilendo, agogo athu adakula naye. Ubwino wake ngwakuti vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, ndipo nsinjiro zili ndi mafuta komanso zomanga thupi. Mbatata yophika payokha yomwera tiyi imangotseka njala, koma yotendera imamanga thupi.

Pophikira banja la anthu 5 tengani mbatata 6 kapena 7 zapakatikati, kapu imodzi ya nsinjiro, ndi mchere pang'ono wa ayodini. Tsukani mbatata musanasende. Sendani mopepuka, osataya mnofu wambiri, n'kuduladula zidutswa zazikulu. Ikani mumphika ndi madzi ochepa, osamiza mbatata yonse, ndipo vundikirani. Ikayamba kufewa, sungunulani nsinjiro m'kapu ya madzi n'kuthira pamwamba pamodzi ndi mchere. Chepetsani moto, musiye zibwate kwa mphindi ngati 10 kufikira fungo la mtedza wauwisi litatha ndipo msuzi wagwirana. Vundulani mosamala kuti zisapserere pansi. Ena amathiramo tomato ndi anyezi, ndipo zimakoma ndithu.

Dziwani kuti mitundu ina yofiira mkati imafewa msanga kuposa yoyera. Mukaithira madzi ambiri imasanduka phala, ndipo apa mpamene abambo ena amayamba kuinena kuti njamadzimadzi. Vuto limakhala madzi ophikira, osati mbatata.

Kholowa tisamusiyire mbuzi

Mbatata imatidyetsa pansi ndi pamwamba pomwe. Masamba ake, kholowa, ali ndi mavitamini ndi mchere wothandiza kupanga magazi, ndipo timayamba kuthyola mbatata isanakhwime, nthawi yomwe chakudya chimakhala chitachepa m'makomo ambiri. Thyolani masamba anthete okha, osakolola onse pachitsamba chimodzi, kuti mbatata ya pansi isapinimbire.

Tsukani masamba musanadule, chifukwa mukatsuka mutadula kale zina zofunika zimapita ndi madzi. Amene sakonda kuterera kwake akhoza kuwayala pamthunzi kanthawi kochepa kuti afote. Kazingani anyezi ndi tomato m'sipuni imodzi kapena ziwiri za mafuta, ikanimo kholowa, vundikirani kwa mphindi zochepa. Masamba akhale adakali obiriwira pophula. Chonde tisathire soda kapena chidulo. Zimafewetsadi ndiwo msanga, koma zimaononga mavitamini ena omwe tikuwafunawo. Madzi otsala mumphika tisataye, ndiwo msuzi.

Usipa wa ndalama zochepa

Nyama ya ng'ombe si yokhayo yomwe ili m'gulu la za nyama. Usipa, bonya, matemba, mazira, ngumbi ndi mbewa zonse zili momwemo. Tinsomba ting'onoting'ono tili ndi mwayi wina wakuti timadyedwa ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo muli calcium wolimbitsa mafupa. Pachifukwa ichi timalangiza kuti tisachotse mitu.

Tsukani usipa wouma m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke. Kazingani pang'ono, thiranimo anyezi ndi tomato wambiri, kenako timadzi pang'ono kuti ufewe. Kamulu kamodzi kakhoza kukwanira banja ngati tagawa mwachilungamo, poyambira kwa ana, amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, ndi odwala.

Tsopano tiwerenge. Mbatata ndi chokhutitsa. Nsinjiro zili m'gulu la nyemba. Kholowa ndi masamba. Usipa ndi za nyama. Mafuta okazingira aja, kapena chidutswa cha peyala, ndi zamafuta. Tikamaliza ndi papaya, mango, gwafa kapena nthochi, magulu onse 6 akwana. Zipatso zowawasa monga malalanje ndi malambe zimathandizanso thupi kutenga mchere wopanga magazi womwe uli m'masamba. Tiyi amachita zosiyana ndi izi, choncho ndi bwino kumumwa patapita nthawi titadya.

Pamene wodwala akukana chakudya

Amene adasamalirapo wodwala kunyumba amadziwa kupweteka kwa mtima kumene kumakhalapo mbale ya nsima ikabwerera yosakhudzidwa. Nthawi zambiri wodwalayo sakuchitira mwano. Mwina ali ndi zilonda m'kamwa kapena pakhosi, ali ndi mseru, kapena chilakolako chathawa.

Apa phala la mbatata limathandiza kwambiri. Phikani mbatata imodzi, ikanyeni ndi chipande mpaka isalale. Phikani phala la mgaiwa monga mwa nthawi zonse, thiranimo masipuni awiri a nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, kenako mbatata yokanya ija. Mukhoza kuwonjezera sipuni ya ufa wa usipa, womwe timapanga pokazinga usipa popanda mafuta, kusinja ndi kusefa. Phala likhale logwirana, losayoyoka pasipuni, chifukwa lamadzimadzi limadzaza mimba popanda phindu. Phala lomweli ndi labwino kwa mwana amene wakwanitsa miyezi 6.

Kwa amene ali ndi zilonda m'kamwa, perekani chakudya chitazizirako, chopanda tsabola kapena zowawasa. Perekani pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa tsiku, mmalo mwa mbale yodzaza kawiri. Khalani naye pansi, idyani naye limodzi. Kudyera mbale imodzi sikufalitsa HIV, ndipo chakudya chimakoma pagulu. Amene akutsegula m'mimba achepetse zamafuta kwa masiku ochepa, amwe ORS ndi madzi owiritsa, koma asasiye kudya. Zilonda kapena kutsegula m'mimba kukapitirira, kapena munthu akamangowonda, tisachedwe kupita naye kuchipatala. Kumeneko amayeza sikelo ndi mkono, ndipo chiponde chikaperekedwa tikumbuke kuti ndi mankhwala a wodwalayo, osati chopaka banja lonse.

Ena amadandaula kuti mbatata imawapatsa chilungulira. Yesani kudya yochepa panthawi imodzi, kutafuna bwino, ndi kupewa kugona mutangodya.

Chenjerani ndi chuku

Nsinjiro zabwino zimachokera ku mtedza wabwino. M'makomo ambiri timagulitsa mtedza wosankhika n'kusinja wotsalira, wofota, wosweka ndi wakuda. Mtedza wotere ndi umene umakhala ndi chuku chotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amaononga chiwindi ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi. Poizoniyu satha ndi kuphika. Sankhani mtedza umodziumodzi, woipa mutaye. Musaviike mtedza m'madzi kuti usendeke msanga, ndipo sinjani nsinjiro zokwanira masiku ochepa okha.

Chimodzimodzi mbatata yoola kapena yobooledwa ndi nankafumbwe, imene imawawa, tisadye. Sambani m'manja ndi sopo musanaphike ndi musanadye. Chakudya chotsala chivundikiridwe ndipo chitenthetsedwe mpaka chitabwata musanadyenso.

Kunenepa si thanzi nthawi zonse

Ma ARV aulere adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2004, ndipo masiku amenewo nkhawa yaikulu inali kuwonda. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri adasinthidwira ku ma ARV okhala ndi dolutegravir. Mankhwalawa amagwira bwino ntchito ndipo akhoza kumwedwa munthu atadya kapena asanadye, choncho kusowa chakudya m'mawa kusakhale chifukwa chodumphitsira mankhwala. Koma ena amanenepa kwambiri akamamwa, ndipo kunenepa kopitirira kumabweretsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Choncho tchipisi cha mbatata ndi mandasi a mbatata, ngakhale zimakoma ndiponso zimabweretsa ndalama pamsika, zikhale za apo ndi apo. Tsiku ndi tsiku tiziphika, kufutsa kapena kuotcha. Mbatata yofiira njotsekemera kale, sifuna shuga. Amene ali ndi matenda a shuga afunse kuchipatala za muyeso woyenera. Ndipo ngati mukumwa mapiritsi owonjezera magazi, a calcium kapena a chilungulira, auzeni achipatala kuti akulangizeni nthawi yomwera, chifukwa akhoza kuchepetsa mphamvu ya dolutegravir.

Tibzale, tisunge, tigawane

Mbatata imakhwima pakatha miyezi 3 mpaka 5 kutengera mtundu, sifuna feteleza wambiri, ndipo imapirira ng'amba kuposa chimanga. Chilala cha mu 2024, chomwe chidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23, chidatikumbutsa kuopsa kodalira mbewu imodzi. Mizere yochepa kuseri kwa nyumba kapena kudimba ikhoza kudyetsa banja masamba ndi mbatata kwa miyezi ingapo, ndipo ntchito yake ngakhale munthu amene wangochira kumene akhoza kuigwira pang'onopang'ono.

Pokumba samalani kuti khasu lisateme mbatata, chifukwa yotemeka imaola msanga. Yabwinobwino isungidwe m'nkhuti pamalo ouma ndi amthunzi. Ina mukhoza kuidula mopyapyala n'kuyanika pathandala, makamaka pamthunzi podutsa mphepo, popeza dzuwa lamphamvu limachepetsa vitamini uja.

Vuto lalikulu limakhala kupeza mbewu mvula ikagwa. Mutu umodzi susenza denga: magulu othandizana akhoza kusunga nazale imodzi kudimba m'chilimwe n'kugawana mbewu nthawi yobzala. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu komwe mungapeze mbewu yopanda matenda. Pamsonkhano wotsatira wa gulu lanu, wina abweretse mbatata, wina nsinjiro, wina kholowa, wina kamulu ka usipa, muphikire pamodzi. Abambo ndi anyamata nawonso abwere adzagwire mthiko, chifukwa tsiku lina amayi ndiwo adzadwale ndipo padzafunika wodziwa kuphika phala.