Mphekesera za ku Mangunda ndi Mlandu wa Lilime

Aliyense amene anaimapo pa sikelo ya m'munda wa tiyi kufupi ndi Luchenza, pa nthawi imene othyola masamba atula madengu awo nadikira kuti kalaliki alembe makilogalamu a tsikulo, adziwa kuti pamzere umenewo pamafika nkhani zonse za m'midzi, za maliro, za mtengo wa chimanga ndi za amene wakangana ndi kapitawo, ndi kuti zimachokapo zitanenepa. Wina amayamba motsitsa mawu, “Inetu ndangomva, musakanene kuti ndanena ndine,” ndipo pofika madzulo, akabaza ataifikitsa kumsika, nkhaniyo imakhala ilibenso mwini woiyankhira.

Akatswiri a nzeru zakuya, zimene m'sukulu za ukachenjede amazitcha filosofi, akhala akulimbana ndi mafunso awiri kuyambira kale: munthu adziwa bwanji kuti chimene akuchiyesa choona n'choonadi, ndipo ayenera kumuchitira chiyani mnzake? Mafunso awiriwa amakumana pa lilime, pakuti wouza mnzake kanthu amamupempha kuti amukhulupirire, ndipo mnzakeyo adzayenda, kugula, kuthawa ngakhale kukantha munthu potsamira mawuwo. Makolo athu anazidziwa izi popanda buku. Pabwalo la milandu, mboni isanapite patali, nyakwawa imaidula mwaulemu: “Pepani bambo, kodi munaona ndi maso anu, kapena munachita kumva?” Ikati inachita kumva, amaifunsa amene anaiuza, ndipo ameneyonso amaitanidwa kuti adzayankhe yekha pamaso pa mfumu.

Immanuel Kant wa ku Germany analemba mu 1797 kuti bodza n'loletsedwa nthawi zonse, ngakhale kwa wambanda amene akufunsa kumene bwenzi lako labisala. Lamuloli n'lolimba, komatu kwa ife siligwira mbala yeniyeni, chifukwa wofalitsa mphekesera kawirikawiri sanama: amakhulupirira ndithu zimene akunena, kapena sanadzivutitse kuzifufuza. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, pamene mbiri ya anamapopa inayenda m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo kufikira ku Blantyre, anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, wina mwa iwo wodwala khunyu, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ambiri mwa amene ananong'oneza anansi awo pa masiku amenewo, kapena kutumiza uthengawo pa foni, anali kudziyesa ochenjeza abale. Apa chiphunzitso cha umunthu, chimene Augustine Musopole ndi anzake anachilemba m'mabuku, chimafunsa funso lolemera koposa la Kant: mawu awa akatuluka m'kamwa mwanga, adzagwera ndani? Pakuti mlendo woyenda ndi chikwama pa msewu wa ku Muloza nayenso ndi mwana wa munthu.

Koma ndingakhale ndachita chisalungamo nditasenzetsa amphawi okha mlandu wonse, ndipo mbiri ya Luchenza yomwe ndiyo indiletsa kutero. Mu Ogasiti 1953, pa munda wa Mangunda kufupi ndi Luchenza, ana a mzungu mwini mundawo anagwira anthu amene anawaganizira kuti akuba malalanje. Mawu anathamanga m'midzi kuti azunguwo ndi achifwamba, ogwira anthu kuti akawaphe, ndipo khamu linasonkhana pamundapo. M'masabata otsatira chipolowe chinafalikira m'Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, misewu inatsekedwa ndi mitengo, ndipo pomaliza pake Amalawi 11 anali atafa, ena 72 atavulala.

Za chifwambazo sizinali zoona. Nanga n'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo anazilandira msanga chotero? Tikumbuke mmene ankakhalira. Ambiri anali Alomwe amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, napeza kuti nthaka yachonde ya kuno ili kale m'manja mwa makampani onga British Central Africa Company. Anakhala pa nthakayo mwa thangata, kulipira malo a nyumba ndi munda ndi thukuta lawo, ndipo wokana ankaopsezedwa kuti asamutsidwa. Chaka chomwecho anali atangokakamizidwa kulowa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ngakhale mafumu ndi a Nyasaland African Congress anachikana poyera, mpaka mafumu ena anapita ku London kukadandaula koma osamvedwa. Munthu amene waona mphamvu zake zikudyedwa chaka ndi chaka, napanda womumvera, sachedwa kukhulupirira kuti thupi lakenso lidzadyedwa. Utsi sufuka popanda moto; koma moto unali wa nthaka, ndipo anthu anauzimira pa malalanje.

Ichi ndicho chimene ndifuna owerenga achigwire, makamaka iwo amene ali ndi maudindo: kulankhulana kuli ndi mbali ziwiri, ndipo wokhala chete pamene anayenera kufotokoza, kapena wotseka makutu pamene anayenera kumva, walakwira choonadi monga momwe wachilakwira wamiseche. Akale anati wamisala anaona nkhondo, kutichenjeza kuti ngakhale mawu osokonekera a munthu wonyozeka asaponyedwe kudzala osayesedwa. Bwana amene salongosola chifukwa chake makilogalamu a wothyola adulidwa, mkulu wa boma amene afika m'mudzi ndi zida zachilendo osayamba wapita kwa mfumu kukalonjera, onsewa akulimira mphekesera munda, ndipo asadzadabwe ikabala.

Boma la atsamunda linamva mochedwa, magazi atakhetsedwa kale. M'zaka zotsatira linafulumiza kugula malo ena a makampani kuti likhazikepo mabanja, ndipo thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Komabe kufikira lero, m'midzi yopanikizika pakati pa minda ya tiyi ya Thyolo ndi Mulanje, nkhani ya malo ikadali kudandaulidwa m'mabwalo a mafumu ndi m'makhoti, ndipo ambiri mwa odandaulawo ndi adzukulu a anthu omwe aja anakhala pa nthakayo mwa thangata.