DZINA LA MALONDA NDI CUMA: LEMBETSANI MSANGA

Mzinda wa Kafue, umene uli kum'mwera kwa Lusaka, unachuka ndi mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia, koma mabanja ambiri kumeneko amadalira malonda ang'onoang'ono. Ena aumitsa nsomba za ku Chanyanya, ena asoka zobvala ku Shikoswe, ena apera ciponde ndi kuthira m'mabotolo. Katundu akakoma, ogula amasunga m'mutu dzina lolembedwa pa botolo. Dzina limenelo ndi cuma, ndipo munthu wina angathe kulilanda.

Ambiri aganiza kuti akalembetsa dzina la bizinesi, zonse zatha. Iai. Kulembetsa kumeneko kulola munthu kucita malonda m'dzinalo, koma cizindikiro ca pa katundu, cingakhale liwu kapena cithunzi, cilembetsedwa pacokha. Nchito ziwirizi zicitika ku bungwe la Boma la PACRA, limene likulu lake lili pa mseu wa Haile Selassie mu Lusaka.

Mlandu umene Bwalo Lalikulu la Supreme Court linaweruza mu 2012 utiphunzitsa zambiri. Kampani ya DH Brothers inali kugulitsa katundu m'dzina lakuti Daily koma siinalilembetse. Pamene kampani ya Olivine inapempha kulembetsa dzina lomwelo, a DH Brothers anakana, koma bwalo linagamula kuti alibe mphamvu yoletsa cifukwa cizindikiro cao sicinali m'kaundula. Ngati zotere zinagwera kampani yaikulu, nanga mai wogulitsa ciponde pa msika?

Njira yake ndi iyi. Coyamba, pemphani a PACRA kuti afufuze ngati dzina lanu silifanana ndi la wina. Caciwiri, sankhani gulu la katundu wanu, pakuti malonda onse anagawidwa m'magulu 45. Nsomba zouma zili m'gulu 29, pamene zobvala zili m'gulu 25. Cacitatu, lembani fomu, ikanipo cithunzi ca cizindikiro ndi kulipira ndalama zofunika. Akuluakulu akakhutira, amalengeza cizindikiroco m'buku lao, ndipo aliyense wodandaula apatsidwa miyezi iwiri. Pakapanda wotsutsa, mulandira satifiketi.

Sankhani dzina mwanzeru. Mau ongofotokoza katundu, monga akuti "Nsomba Zabwino", amakanidwa cifukwa asodzi onse ali ndi ufulu wowagwiritsa nchito. Dzina lodzipangira nokha ndilo lili ndi mphamvu.

Lamulo lakale la mu 1958 linapatsa citetezo ca zaka 7 poyamba, kenaka zaka 14 munthu akalembetsanso. Lamulo latsopano la mu 2023 linaika zaka 10 nthawi iriyonse, ndipo linatsegula khomo kwa ogwira nchito zothandiza anthu, monga ometa tsitsi ndi eni malo odyera.

Satifiketi iri m'manja, mungathe kusumira wakuba dzina lanu, kubwereketsa cizindikiro kwa ena, kucigulitsa kapena kusiyira ana anu ngati colowa. Amalonda a ku Kafue ndi midzi yozungulira, pitani mukalembetse wina asanakuyambireni.