Ku Filipinas, nyimbo zinanena zimene wailesi inkaopa kunena

Pa chilumba cha Negros, m'dziko la Filipinas ku Asia, pali miyezi imene odula nzimbe amaitcha tiempo muerto. Odziwa Chipwitikizi amva kale tanthauzo lake: tempo morto, nyengo yakufa. Nzimbe zimakhala zikukula m'munda, mafakitale a shuga atayima, ndipo waganyu alibe ntchito, alibe malipiro, alibenso kamunda kake koti akumbemo chinangwa. Amadya za ngongole, n'kudzabweza ndi thukuta kudula kukayamba. Nyimbo zambiri zotsutsa olamulira m'dzikolo zinachokera m'moyo wotere, wa anthu olima malo a eni ndi ogwira ntchito m'mafakitale a eni.

Filipinas ndi dziko la zilumba zoposa 7,000. Linalamulidwa ndi Espanha kwa zaka zoposa 300, mpaka 1898, kenako ndi Amerika mpaka 1946. Atsamunda anachoka, koma minda ikuluikulu yotchedwa hacienda inatsala m'manja mwa mabanja owerengeka. Mlimi wamba ankalima mobwereka, n'kumapereka gawo lalikulu la zokolola kwa mwini malo.

Kubisa mawu m'nyimbo ya chikondi

Pa nthawi ya atsamunda, kunena poyera kuti ukufuna ufulu kunali kudziitanira ndende kapena imfa. Anthu anapeza njira yofanana ndi ya amayi pamtondo, amene amaimba dandaulo lawo mophiphiritsa, wolakwayo akumva koma alibe pogwira. Afilipino ali ndi nyimbo zachikondi zoimbidwa modekha, zotchedwa kundiman. M'nkhondo yolimbana ndi Espanha, imene gulu la Katipunan lotsogoleredwa ndi Andres Bonifacio linayambitsa mu 1896, omenyera ufulu ankakonda kundiman yotchedwa Jocelynang Baliwag. Kwa msilikali wachitsamunda inkamveka ngati mnyamata akutamanda namwali wa m'tauni ya Baliwag. Kwa oimbawo, namwaliyo linali dziko lawo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, Amerika akulamulira, mlakatuli José Corazón de Jesús ndi wopeka nyimbo Constancio de Guzmán anatulutsa Bayan Ko, kutanthauza dziko langa. Imayerekeza dzikolo ndi mbalame yotsekeredwa. Imeneyi ndiyo inadzakhala nyimbo ya zionetsero kwa mibadwo yotsatira.

Marcos atatseka pakamwa pa anthu

Mu Sepitembala 1972, Pulezidenti Ferdinand Marcos anaika dziko pansi pa ulamuliro wa asilikali. Nyuzipepala ndi nyumba zoulutsira mawu zinatsekedwa, zotsalazo n'kumangonena zokomera boma. Zionetsero ndi kunyanyala ntchito zinaletsedwa. Anthu zikwizikwi anamangidwa, ambiri anazunzidwa, ena anasowa osapezekanso.

Apa m'pamene nyimbo inagwira ntchito ya wailesi. Kapepala kotsutsa boma kakapezeka m'thumba kamakhala umboni wokumangira, koma nyimbo imakhala m'mutu. Siifuna kuti munthu adziwe kuwerenga, ndipo gitala imodzi imakwanira gulu lonse. Ophunzira a m'mayunivesite, ogwira ntchito za mpingo ndi atsogoleri a mabungwe a antchito ankaphunzitsana nyimbozi pamisonkhano, pamaliro ndi pazipata za mafakitale. Zina zinkayenda pa makaseti ojambulirana. Ankaimba m'Chitagalogi ndi m'zinenero zina za m'zilumbamo, pomwe nyimbo zambiri zotchuka pa wailesi zinali zachingerezi.

Woimba Jess Santiago anapeka Halina, nyimbo yosimba za anthu atatu: mtsikana wogwira ntchito m'fakitale ya nsalu amene analowa bungwe la antchito, mlimi amene analimbana ndi ofuna kumulanda munda, ndi mayi wosauka wa m'tauni amene banja lake linagwetseredwa kanyumba. Awiri oyambawo akuphedwa m'nyimbomo. Mphamvu yake inali yoti omvera ankazindikira anthu otere pakati pa abale ndi anansi awo.

Antchito nawo sanakhale chete. Mu Okutobala 1975, ogwira ntchito pa fakitale ya mowa ya La Tondeña ku Manila ananyanyala ntchito ngakhale lamulo linkaletsa, ndipo ena m'mafakitale ena anatengerapo mtima. Pa 1 Meyi 1980 kunakhazikitsidwa mgwirizano wa mabungwe a antchito wa Kilusang Mayo Uno, ndipo mu 1985 alimi anapanga wawo, Kilusang Magbubukid ng Pilipinas. Nthawi yomweyo mtengo wa shuga unali utagwa pa msika wa dziko lonse, ndipo ku Negros kunagwa njala yoopsa. Pa 20 Sepitembala 1985, m'tauni ya Escalante pa chilumbacho, ankhondo a boma anawombera gulu la ochita zionetsero, ambiri mwa iwo odula nzimbe, n'kupha anthu pafupifupi 20.

Tinene poyera kuti nyimbo zina zinachokera kwa zigawenga za chikomyunizimu za New People's Army, zimene zinayamba nkhondo ya m'tchire mu 1969. Koma oimba ambiri sanagwirepo mfuti. Vuto n'lakuti aboma nthawi zambiri ankaika onse m'gulu limodzi, ndipo kutchedwa chigawenga kunkaika moyo wa munthu pachiswe.

Mtsogoleri wotsutsa boma Benigno Aquino Jr. ataphedwa pa bwalo la ndege la Manila pa 21 Ogasiti 1983, Bayan Ko, imene woimba Freddie Aguilar anali ataijambulanso, inamveka m'misewu yonse. Mu Febuluwale 1986 khamu la anthu linadzaza msewu waukulu wa EDSA kwa masiku anayi likupemphera ndi kuimba. Marcos anathawira ku Hawaii, ndipo mkazi wa malemu Aquino, Corazon, anakhala pulezidenti.

Wolamulira anachoka, munda sunabwere

Pasanathe chaka, pa 22 Januwale 1987, alimi anaguba kulowera kunyumba ya pulezidenti kukapempha kuti malo agawidwe. Pa mlatho wa Mendiola anawomberedwa, ndipo anafa anthu osachepera 12. Lamulo logawa malo linabwera mu 1988, koma linasiya mipata. Mwachitsanzo, linalola eni minda ena kupatsa antchito masheya a kampani m'malo mwa nthaka yeniyeni.

Zimenezi n'zimene zinachitika ku Hacienda Luisita, munda wa nzimbe wa mahekitala oposa 6,000 m'chigawo cha Tarlac, wa banja la kwawo kwa Corazon Aquino. Pa 16 Novembala 2004, antchito onyanyala ntchito anawomberedwa pachipata, ndipo 7 anafa. Mu 2012 khoti lalikulu linatsimikiza kuti mahekitala pafupifupi 4,900 agawidwe kwa antchito oposa 6,000.

Nyimbo imene inafotokoza bwino nyengo imeneyi ndi Tatsulok, imene Rom Dongeto wa gulu la Buklod anapeka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Dzinali limatanthauza chinthu cha ngodya zitatu, chotakata pansi, chosongoka pamwamba. Ndicho chithunzi cha dzikolo: olemera ochepa pansonga, osauka ambiri pansi atasenza onse. Mfundo yake ndi yoti kusintha munthu wokhala pansonga sikuthetsa mkangano ngati kaimidwe ka chinthucho sikanasinthe. Gulu la Bamboo litaijambulanso mu 2007, achinyamata amene anabadwa Marcos atachoka kale anailandira ngati yawo.

Mu Okutobala 2018, anthu 9 a bungwe la odula nzimbe anaphedwa ku Sagay, pa chilumba chomwe chija cha Negros, pa malo amene anayamba kulimapo chakudya. Mu 2022 mwana wa Marcos, Ferdinand Marcos Jr., anasankhidwa kukhala pulezidenti. Nyimbo sinapatse mlimi aliyense chikalata cha munda; zimenezo zinadza ndi mabungwe, milandu ya kukhoti ya zaka zambiri, ndi miyoyo ya anthu. Chimene nyimbo inachita ndi kusonkhanitsa anthu pamene kusonkhana kunali mlandu, ndi kusunga nkhani imene olamulira ankafuna iiwalike. N'chifukwa chake pa 1 Meyi chaka chilichonse, antchito ndi alimi akamaguba ku Manila, nyimbozi zimaimbidwabe.