Fayilo yomwe imatsegula memore yonse ya kompyuta

Pa kompyuta yoyendera Linux pali fayilo ina yachilendo, dzina lake /dev/mem. Mulibe nyimbo, mulibe zithunzi, ndipo siitenga malo pa disiki. Koma amene waitsegula amakhala wagwira memore ya makinawo mwachindunji. Tiyeni tione kuti zimatheka bwanji, komanso chifukwa chake masiku ano khomo limeneli amalikhoma ndi maloko.

Tiyambe ndi memore yeniyeniyo, RAM. Ganizirani mabokosi a kupositi ofesi, ondandalikidwa mamiliyoni. Bokosi lililonse limasunga byte imodzi ndipo lili ndi nambala yake. Nambalayo ndiyo adiresi. Purosesa ya ma bit 32 imatha kutchula maadiresi 4,294,967,296, ndiye kuti 4 GB.

Tsono mapulogalamu saona maadiresi enieniwo ayi. Ndimakonda kufanizira ndi kaundula wa m'kalasi. Fomu 1 ili ndi nambala 7, Fomu 3 nayonso ili ndi nambala 7, koma ndi anthu awiri osiyana, eti? Nambala yeniyeni ya aliyense ili m'buku lalikulu ku ofesi ya ahedi. N'chimodzimodzi mu kompyuta. Pulogalamu iliyonse imapatsidwa kaundula wakewake, ndipo kachipangizo kotchedwa MMU kamamasulira nambala za m'kaundulamo kuti zikhale maadiresi enieni, nthawi zambiri m'magawo a ma byte 4096. Motero pulogalamu ina singasuzumire m'mabokosi a inzake. Amene amasunga buku lalikululo ndi kernel, mtima wa Linux.

Nanga /dev/mem ikulowa pati? Linux, yomwe Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991, inatengera mwambo wa Unix wakuti zipangizo zizioneka ngati mafayilo. Zonsezo zimakhala mu /dev. Mukatsegula /dev/mem n'kupita pa byte ya nambala inayake, mwafika pa adiresi yeniyeni ya nambala yomweyo. Mwadumpha kaundula wa m'kalasi, mwalowa mu ofesi.

Apa m'pamene physics ikuonekera. Maadiresi ena si a RAM konse, ndi a zipangizo. Tengani Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja kaja. Pa Pi yoyamba, gawo loyendetsa timapini totchedwa GPIO limayambira pa adiresi 0x20200000. Musaope 0x ameneyo, akungosonyeza kuti nambalayo yalembedwa mu base 16. Pulogalamu imatsegula /dev/mem, imapempha gawo limenelo ndi lamulo lotchedwa mmap, n'kuuza pini 17 kuti izitulutsa magetsi. Kenako imalemba 131072, yomwe ndi 1 kuchulukitsa ndi 2 ka 17, pa adiresi 0x2020001C. Nthawi yomweyo pini 17 imakwera kufika pa 3.3 V.

Lumikizanipo LED yofiira ndi resistor ya ma ohm 330. LED imadya pafupifupi 2 V, kutsala 1.3 V. Lamulo la Ohm lija: 1.3 kugawa ndi 330, mupeza pafupifupi 4 mA. Getsi layaka. Mwaona? Nambala yasanduka voteji ya magetsi, popanda munthu kukhudza swichi.

Koma mpeni wosendera mbatata ndi womwewo umacheka chala. Mu RAM mumadutsa chilichonse chimene makina akugwira panthawiyo: mapasiwedi, mauthenga, makiyi obisira zinsinsi. Wowerenga memore yonse angazione zonsezi. Wolembamo angasinthe kernel yeniyeniyo, n'kubisamo pulogalamu yaukazitape. Ngakhale wopanda cholinga choipa, akangophonya adiresi imodzi, makina amauma gwa.

N'chifukwa chake pali maloko angapo. Loyamba, fayiloyi imatsegulidwa ndi root yekha, mwini mphamvu zonse pa makinawo. Lachiwiri linabwera mu 2008 ndi Linux 2.6.26: chosankha chotchedwa STRICT_DEVMEM, chomwe chimaletsa ngakhale root kuwerenga RAM wamba kudzera pa khomoli, n'kumusiyira makamaka madera a zipangizo. Mbale wake /dev/kmem, yemwe ankaonetsa memore ya kernel, anachotsedweratu mu 2021 pa Linux 5.13. Nawo a Raspberry Pi anaboola kazenera kakang'ono, /dev/gpiomem, koonetsa timapini tokha basi, kuti wophunzira ayatse LED popanda kupatsidwa makiyi a nyumba yonse.

Mwina mukuti izi n'za akatswiri okha. Ayi ndithu. Foni ya Android imene ili kwanuko imayendera kernel ya Linux yomweyi. Mukamalemba PIN yotumizira ndalama, manambalawo amakhala mu RAM kwa kanthawi, pomwe gemu imene munatsitsa dzulo nayonso ikuyenda. Chimene chikuiletsa gemuyo kusuzumira ndi mpanda wa maadiresi womwewu. Choncho wina akakuuzani kuti "ndiibowole foni yako ikhale ya root", mufunseni kaye kuti makiyiwo akawatsegula, agwira ndani.

Ntchito yanu sabata ino: purosesa ya ma bit 16 ingatchule maadiresi angati? Werengetserani pa pepala, osati pa foni.