Masukulu a Ndeke za Nkhondo Kutsidya kwa Zambezi

Omvera athu a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere alidziwa bwino bwalo lakale la ndeke la m'Lusaka, limene lichedwa City Airport, pakuti liri pafupi ndi nyumba zao. Pa nthawi ya nkhondo yaikuru ya 1939 kufikira 1945, ndeke zambiri zinali kutera pamenepo popita kumpoto. Tsono funso lathu lero ndi ili: kodi anyamata oyendetsa ndeke za nkhondo anaphunzira kuti luso lao? Ambiri a iwo anaphunzira pafupi ndi ife, kutsidya kwa Zambezi, m'dziko la Southern Rhodesia limene lero ndi Zimbabwe.

Angerezi anasankha dzikolo pa zifukwa ziwiri. Kwao ku Britain kumacita mitambo ndi nkhungu masiku ambiri, ndiponso ndeke za Ajeremani zinali kufikako ndi mabomba. Koma kuno kumwamba kumayera miyezi yambiri, ndipo mdani anali kutali. Cotero anakhazika gulu lochedwa Rhodesian Air Training Group, ndipo mkuru wace anali Charles Meredith. Sukulu yoyamba inatsegulidwa mu May 1940 pa Belvedere, m'mzinda wa Salisbury, ndiwo Harare wa lero.

Maphunziro anali ndi makwerero. Mnyamata anayamba ku Hillside, ku Bulawayo, kumene anaphunzira pelete, masamu ndi kuwerenga mapu, asanakhudze ndeke. Atatero anapita ku imodzi mwa masukulu anai oyambira: Belvedere, Mount Hampden, Induna, kapena Guinea Fowl pafupi ndi Gwelo. Kumeneko anakwera kandeke kochedwa Tiger Moth, ka mapiko awiri osanjikana okutidwa ndi nsaru, kopanda denga pamutu. Mphunzitsi anauluka naye kufikira tsiku limene anatsika nam'siya kuti auluke yekha. Ambiri analephera pomwepa, ndipo anawapatsa nchito zina.

Opambana anawagawa pawiri. Oyenera ndeke zazikuru zoponya mabomba anapita ku Kumalo ndi ku Heany, pafupi ndi Bulawayo, kukaphunzira ndeke ya Oxford ya mainjini awiri. Koma oyenera kumenyana ndi ndeke zinzao m'mwamba anapita ku Cranborne ndi ku Thornhill, kumene kunali ndeke ya Harvard, ya injini imodzi yamphamvu ndi phokoso loboola makutu. M'menemo anaphunzira kugubuduza ndeke, kuuluka m'magulu mapiko ali pafupi-pafupi, ndi kutera usiku potsata nyali. Atatha analandira cizindikiro ca mapiko ca pacifuwa, ndipo ambiri anapita ku Egypt ndi maiko ena kukazolowera ndeke zeni-zeni za nkhondo, Hurricane ndi Spitfire.

Pofika 1945 masukuluwa anali ataphunzitsa oyendetsa ndeke oposa 7,600. Anacokera ku Britain, Australia, Greece ndi kwina. Mmodzi wa iwo, Ezer Weizman, anadzakhala Pulezidenti wa Israel mu 1993. Ena sanafike n'kunkhondo komwe: anagwa pophunzira, ndipo manda ao ali ku Harare, Gweru ndi Bulawayo.

Koma ndeke siuluka popanda bwalo, ndipo bwalo silimera lokha. Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza ife. Mabwalowa anafunika msanga, ndipo amene anazula zitsa, nagumula zulu, nasalaza nthaka ndi makasu ndi mafosholo anali anthu akuda zikwi-zikwi. Ambiri sanapite mwa kufuna kwao. Boma linalamula mafumu kupereka amuna, monga mwa cibalo, ndipo malipiro anali ocepa. Mu 1942 boma lomwelo linaika lamulo lokakamiza Aafirika kugwira nchito, makamaka m'mafamu a Azungu, pakuti cakudya cinapelewera m'dziko lodzala ndi alendo a nkhondo. Masiku amenewo amuna ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata, anali pa nchito kum'mwerako, ndipo anaziona izi ndi maso ao.

Panalinso gulu la asilikari akuda lochedwa Rhodesian Air Askari Corps, limene linalonda mabwalo ndi ndeke usana ndi usiku. Aafirika ena anali kuphika, kucapa ndi kunyamula katundu. Koma pa mpando wa woyendetsa ndeke m'masukulu amenewa munthu wakuda sanaloledwe kukhalapo. Colepheretsa sicinali nzeru, koma khungu.

Nkhondo itatha masukulu anatsekedwa, ngakhale ena anatsegulidwanso kufikira 1954. Lero pa Belvedere pali nyumba za anthu. Guinea Fowl inasanduka sukulu ya ana, ndipo Mount Hampden ndi bwalo la Charles Prince. Thornhill idakali ya ndeke za nkhondo, koma dzina lace tsopano ndi Josiah Tungamirai, ndipo ouluka pamenepo ndi ana a Zimbabwe. Kunonso kwathu, gulu la Zambia Air Force linabadwa mu 1964, ndipo ndeke zace aziyendetsa ndi ana a dziko lino. Cotero pokumbukira anyamata olimba mtima a Harvard, tisaiwale amuna a makasu, pakuti mutu umodzi susenza denga.