Ng'ombe ikagwetsa script yanu, musathawe

Ambiri amene amasiya kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta amasiyira pa sabata yachiwiri kapena yachitatu, ndipo nthawi zambiri mutu wawo umakhala ukugwira bwinobwino. Munthu walemba mizere khumi ndendende ngati mmene waonera pa YouTube, wadina kuti iyambe, koma sikirini yangodzaza malemba ofiira a Chingerezi chosamveka mutu wake. Bandulo yatsala pang'ono, batire ikulira, womufunsa palibe. Amangoti, "Aaa, izi si zanga," n'kubwerera ku TikTok.

Ndakhala ndikuthandiza achinyamata amene akuphunzira Python, ambiri a iwo pa foni kudzera mu Pydroid 3 kapena Termux chifukwa laputopu alibe. Mavuto amene amawagwetsa ulesi ndi omwewomwewo, ndipo ena mwa iwo amachokera m'Chichewa chathu chomwechi, zimene mphunzitsi wa pa vidiyo wa ku India kapena ku America sangakuchenjezeni.

Tiyambe ndi malemba ofiira aja. Python, imene Guido van Rossum wa ku Netherlands anaitulutsa mu 1991, ikakumana ndi vuto imalemba lipoti lotchedwa traceback. Oyamba kumene amaliwerenga kuchokera pamwamba, n'kusokonezeka ndi mayina a mafayilo amene sanawaonepo. Liwerengeni kuchokera pansi. Mzere womaliza ndi umene umatchula dzina la vutolo ndi chifukwa chake, ndipo pamwamba pake pang'ono pali nambala ya mzere wanu umene yakakamira, monga line 14. Pitani pa 14 pomwepo. Ngati simukuonapo cholakwika, onani mzere wa 13 kapena 12, chifukwa bulaketi imene mwatsegula osatseka imachititsa kuti Python idandaule patsogolo. Kuyambira pa Python 3.10, imene inatuluka mu 2021, mauthengawa amamveka bwinoko. Imakuuzani kuti bulaketi yakuti sinatsekedwe, ndipo mukaphonya sipelo imafunsa ngati mumatanthauza liwu lakuti. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti aone kaye kuti ali ndi Python iti.

Nkhani ya Python iti ili ndi mbali inanso. Pa intaneti padakali maphunziro akale a Python 2, imene eni ake anasiya kuisamalira pa 1 January 2020. Mukaona vidiyo ikulemba print "Moni" popanda mabulaketi, itsekeni, musawononge bandulo. Mu Python 3 timalemba print("Moni").

Amene mumalemba pa foni muli ndi mdani wapadera, kiyibodi yanu yomweyo. Inapangidwira kucheza, nde imafuna kukuthandizani. Imakweza lemba loyamba n'kulemba Print m'malo mwa print, ndipo kwa Python amenewa ndi mawu awiri osiyana, zotsatira zake NameError. Makiyibodi ena, makamaka a iPhone, amasintha zizindikiro zogwira mawu zowongoka kukhala zopindika, zokongola ngati za m'buku. Microsoft Word imachitanso chimodzimodzi. Ndi maso simungaone kusiyana pa sikirini yaing'ono, koma Python imakana n'kunena kuti invalid character. Lowani mu settings za kiyibodi muzimitse zokweza malemba ndi zokonza sipelo nthawi imene mukulemba code. Komanso code yokopera mu PDF imataya mipata ya kumayambiriro kwa mizere, pamene Python imadalira mipata imeneyo kudziwa mizere imene ili mkati mwa if kapena for. IndentationError imachokera pamenepo. Mipata inayi, osasakaniza ndi Tab, basi.

Tsopano ng'ombe ija. Yesani kulemba izi:

chiweto = 'ng'ombe'

Kwa inu ndi ine palibe vuto. Koma Python ikaona kachizindikiro koyamba imadziwa kuti mawu ayamba, ndipo ikafika pa kachiwiri, kamene kali pakati pa g ndi o, imati mawu athera pamenepo. Nde imatenga ng ngati mawu onse, ombe n'kukhala chinthu chosadziwika, kachitatu kaja n'kutsegula mawu ena amene sakutha. SyntaxError. Tangoganizani mmene Chichewa chadzazira ndi kachizindikiro kameneka: pang'ono, m'mudzi, n'chiyani, ng'oma, ching'ono. Mankhwala ake ndi apafupi: mawu a Chichewa muziwaika pakati pa zizindikiro ziwiriziwiri, "ng'ombe", ndipo zitheka.

Kachizindikiro komweka kamabweranso mwaukali mukayamba kusunga zinthu mu database. Tinene kuti mwalemba kapulogalamu kolembetsa mayina a ophunzira, ndipo mumalumikiza dzina la munthu mwachindunji mu lamulo la SQL. Ziyenda bwino pa Banda, pa Phiri, pa Mwale. Tsiku limene adzalembetse wa dzina loti Ng'oma, zonse zidzaima. Vuto limeneli ndi lalikulu kuposa mmene likuonekera, chifukwa bowo limene Ng'oma wagweramo mwangozi ndi lomwelo limene akuba amalowerapo dala, njira yotchedwa SQL injection. Amalemba kachizindikiro kaja pamalo a dzina, kenako n'kuwonjezera malamulo awoawo, database n'kuwamvera. Mu sqlite3, imene imabwera limodzi ndi Python, mumaika chizindikiro cha funso pamalo pa dzinalo n'kupereka dzina padera. Ine dzina lokhala ndi ng' ndimaliyesa dala pa kapulogalamu kalikonse kamene wina wandipatsa kuti ndione.

Ndiye pali ŵ wa mu Malaŵi, amene ali ndi kachipewa. Pa foni ya Android script yanu idzamulemba mu fayilo bwinobwino. Mukaipititsa pa laputopu ya mnzanu ya Windows, ikhoza kugwa ndi UnicodeEncodeError, chifukwa Python pa Windows yakhala ikugwiritsa ntchito ndondomeko yakale ya malemba, monga cp1252, imene mulibe lemba limeneli. Nthawi zina siigwa, koma powerenga mumapeza MalaÅµi. Potsegula fayilo muzilemba encoding="utf-8" nthawi zonse. Ngati ndi CSV yoti ikatsegulidwe mu Excel, lembani utf-8-sig, apo ayi Excel idzasokoneza lemba lomwelo.

Za ModuleNotFoundError sindichedwapo. Mwina simunaike library imene mukuitana, kapena mwaiika mu Python ina pamene makina anu ali ndi ziwiri. Lembani python -m pip install kenako dzina lake, kuti ilowe mu Python imene mukugwiritsa ntchito. Ndipo chonde, fayilo yanu musaitche random.py kapena csv.py. Python idzatsegula yanuyo m'malo mwa yake yeniyeni, n'kumakuuzani zinthu zoti mungaganize kuti kompyuta yalodzedwa.

FileNotFoundError nayo imapweteka mutu chifukwa fayiloyo mumakhala mukuiona ndi maso anu. Python imayang'ana mu foda imene yaima, osati imene inu mukuyang'ana. Ifunseni: import os, kenako print(os.getcwd()), ikuuzani pamene ili. Pa Android zimene mwachita dawunilodi zimakhala mu /storage/emulated/0/Download, ndipo mu Termux muyenera kuyamba mwalemba termux-setup-storage kuti ipatsidwe chilolezo chofika kumeneko. Pa Windows, kompyuta imabisa mchira wa dzina la fayilo, nde chimene mukuona ngati mayina.csv chikhoza kukhala mayina.csv.txt.

Mavuto onsewa amakuwa, ndipo ine vuto lokuwa ndimalikonda. Limene limandiopsa ndi lachete, pamene script yamaliza bwinobwino, yatulutsa nambala, aliyense n'kukhulupirira.

Chilichonse chimene munthu walemba kudzera mu input() chimafika ngati mawu, ngakhale zikhale nambala. Mukafunsa ndalama ziwiri, 5000 ndi 3000, n'kuziphatikiza, Python idzakupatsani 50003000. Yangozimata pamodzi ngati mmene ingamatire "moni" ndi "bambo". Palibe lemba lofiira ngakhale limodzi. Apa ndi poonekera chifukwa nambalayo ndi yamisala, ndipo int() amakonza. Koma wina akalemba 1,500 ndi koma, monga timalembera ndalama tonsefe, int() amakana ndi ValueError, nde muyambe mwachotsa komayo ndi replace.

Nambala za foni n'zosiyana. Zimenezo zisiyeni zikhale mawu. Nambala zathu zimayamba ndi ziro, 099 kapena 088, ndipo mukaisandutsa nambala yowerengera, ziro amasowa. Excel imachita zomwezo mwakachetechete mukangotsegula CSV. Yoyamba ndi 265 imaipindanso kukhala chinthu ngati 2.65999E+11, ndipo mukasunga fayiloyo ili choncho, manambala akumapeto apita, sabwereranso. Tangoganizani mndandanda wa anthu oti alandire ndalama pa foni utawonongeka chotero.

Taganizirani mtsikana amene walemba script yowerengera masheya ndi chiwongoladzanja cha banki mkhonde ya amayi ake. Mamembala alipo 20, ndipo walemba range(1, 20) poganiza kuti ifika pa 20. Siifika, imathera pa 19. Kuwonjezera apo, Python imayamba kuwerenga zinthu za mu mndandanda pa 0, osati pa 1. Membala mmodzi wasiyidwa, ndalama zagawidwa kwa 19, ndipo kompyuta sinanene kanthu. Tsiku logawana, mayi uja akadzafunsa kuti, "Nanga zanga zili kuti?" gulu silidzaloza chala kompyuta, lidzaloza amayi a mwana amene anabweretsa foni.

Musaganize kuti izi zimagwera ophunzira okha. Mu October 2020, bungwe la Public Health England linalengeza kuti anthu pafupifupi 16,000 amene anapezeka ndi Covid-19 sanalowe m'chiwerengero pa nthawi yake. Zotsatira za kuyezetsa zinkaikidwa mu mtundu wakale wa fayilo ya Excel, XLS, umene umangotenga mizere 65,536. Zopitirira pamenepo zinkangotayika, ndipo anthu amene anakhudzana ndi odwalawo anachedwa kufufuzidwa. Mu 1999 NASA inataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ina inkapereka manambala mu miyeso ya mapaundi pamene ina inkayembekezera ya metiriki. Manambala ankatuluka tsiku lililonse, ooneka abwino.

Chodzitetezera n'chachikale ndipo n'chotopetsa, n'chifukwa chake ambiri amachidumpha. Tengani mamembala atatu okha, werengerani pa pepala ndi cholembera, kenako yendetsani script pa atatu omwewo muone ngati zikufanana. Pamapeto script izisindikiza kuti yawerenga anthu angati ndipo ndalama zonse pamodzi ndi zingati, kuti mufananize ndi zimene zili m'kope. Zikasiyana, ikani print() pakatipakati muone chimene chili mu variable iliyonse pa sitepe iliyonse. print(type(x)) yekha amakuuzani ngati mukuphatikiza mawu kapena nambala. Ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zinayi n'kutheka, simudziwa chimene chakonza, ndipo mawa mudzagwa pomwepo.

Pa ndalama pali kanthu kenanso. Lembani 0.1 + 0.2 muone. Yankho ndi 0.30000000000000004, chifukwa kompyuta imasunga tizigawo m'njira ya ma 0 ndi ma 1 imene siikwanitsa 0.1 ndendende. Matambala sitiwagwiranso m'manja, koma chiwongoladzanja chimawabala, ndipo mukafananiza ndalama ziwiri ndi == zikhoza kukana pamene zili zofanana. Module ya decimal inapangidwira zimenezi.

Chenjezo limodzi lalikulu: lemba w. Mukatsegula fayilo ndi open("mayina.csv", "w"), zonse zimene zinalimo zimafufutika nthawi yomweyo, musanalembe kalikonse, ndipo sizipita mu Recycle Bin. Powerenga ndi "r", powonjezera ndi "a". Script iliyonse yosintha kapena kufufuta mafayilo muziyesera pa kope, yeniyeni ili kwina. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima script ili pakati polemba, muzilemba zotsatira mu fayilo yatsopano, yakale muisiye mpaka mutatsimikiza.

Zikakanika ndithu, funsani, koma mufunse bwino. "Akulu, code yanga sikugwira" si funso, eti? Nenani chimene mumafuna ichite, chimene yachita, mzere womaliza wa traceback wonse, ndi Python imene muli nayo. Tumizani code ngati fayilo kapena malemba, osati chithunzi cha sikirini chojambula mopendekeka usiku. Nthawi zambiri mukamalemba funso lotere, yankho mumalipeza musanatumize. Buku la The Pragmatic Programmer la 1999 linatchukitsa nkhani ya wolemba mapulogalamu amene ankafotokozera code yake kwa kachidole ka bakha mzere ndi mzere mpaka vuto litaoneka. Bakha akasowa, mng'ono wanu wa Standard 3 akwanira, bola akhale chete.

ChatGPT ndi anzake amathandiza ndithu pomasulira uthenga wa error, ndipo ine sindiletsa. Koma amatha kupeka dzina la library kapena function imene kulibe, n'kulilemba molimba mtima. Musanalembe pip install pa dzina limene akupatsani, lifufuzeni kaye pa PyPI. Ndipo musanatumize code kwa aliyense, kaya makina kaya gulu la WhatsApp, chotsani mapasiwedi, ma API key ndi nambala zenizeni za anthu. Ngati key yatuluka kale, kufufuta uthengawo sikokwanira chifukwa ena auona. Lowani mu akaunti imene munaitenga, muithetse, mupange ina.