Ndalama ya golide yokumbutsa za ku Klondike

Mu 1996, bungwe lopanga ndalama zachitsulo ku Canada la Royal Canadian Mint linatulutsa ndalama ya golide ya madola 100, pokumbukira kuti patha zaka 100 chipezekereni golide ku Klondike, m'chigawo cha Yukon. Mu 2021 anatulutsanso ina pokumbukira zaka 125. Ndalamazo n'zonyezimira, koma mbiri yake ili ndi misozi.

Pa 16 August 1896, anthu anapeza golide mu kamtsinje ka Rabbit Creek, komwe pambuyo pake anakatcha Bonanza Creek. Pagulupo panali mzungu wa ku America George Carmack, mkazi wake Shaaw Tláa, wodziwika kuti Kate, mlongo wa Kate dzina lake Keish kapena Skookum Jim, ndi Dawson Charlie. Atatuwa anali eni nthaka. Koma amene analembetsa malo oyamba ndi Carmack, ndiye kwa zaka zambiri ulemu unkapita kwa iye.

Sitima zonyamula golideyo zitafika ku San Francisco ndi Seattle mu July 1897, anthu anachita ngati apenga. Pafupifupi 100,000 anauyamba ulendo, koma ofika anali pakati pa 30,000 ndi 40,000 basi. Apolisi a ku Canada ankalamula aliyense kutenga chakudya cha chaka chathunthu, moti ena ankakwera phiri la Chilkoot maulendo ambirimbiri, katundu ali kumsana, m'chisanu choopsa. Ambiri atafika anapeza malo abwino atatengedwa kale.

Nanga eni malo? Anthu a mtundu wa Tr'ondëk Hwëch'in, omwe ankapha nsomba pamene mtsinje wa Klondike umathira mu Yukon, anasamukira ku Moosehide pomwe tauni ya Dawson City inkakula. Kate naye mwamuna uja anamusiya n'kukwatira wina. Anamwalira mu 1920 ali mu umphawi.

N'chifukwa chake ndalama ya dola imodzi ya mu 2021 ndi yofunika kwambiri, ngakhale kuti si ya golide. Ikuonetsa anthu onse anayi aja, osati Carmack yekha. Mu 2023 nalo bungwe la Unesco linaika dera la Tr'ondëk-Klondike pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Kate anafa osalandira kanthu, koma tsopano aliyense wogula buledi ndi ndalamayi ku Canada amagwira chithunzi chake m'manja.